MFUTI SIZIMITSA MOTO WA LILIME

Awa ndi mawu amene Mlembi Wofalitsa za Chipani adalankhula pa maphunziro a atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito za Boma.



Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere, m'dziko la America. Mwina wina afunsa mumtima kuti, kodi ife za eni ake tili nazo chiyani? Yankho lake makolo athu adapereka kale pamene adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamya zimene zili m'matumba mwanumo zili ndi Facebook ndi WhatsApp yemweyo amene ali m'matumba a anthu a ku America. Funso limene lawasautsa anzathuwo ndi ili: munthu wolankhula poyera za ndale akayamba kulandira mauthenga omuopseza pa intaneti, achite chiyani? Ambiri kumeneko amayankha kuti agule mfuti. Tiyeni tiliyese yankho limeneli bwinobwino, tione ngati lili lokwanira.

Choyamba tidziwe kuti ku America kukhala ndi mfuti ndi ufulu wolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko. Ndime yachiwiri mwa ndime khumi zimene adawonjezera pa malamulowo m'chaka cha 1791 ndiyo imateteza ufulu umenewu. M'chaka cha 2008, pa mlandu wa Heller, bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti ufuluwo ndi wa munthu aliyense payekha, ndipo angathe kusunga mfuti m'nyumba mwake kuti adziteteze. M'chaka cha 2022, pa mlandu wa Bruen, bwalo lomwelo lidati ufuluwo sulekezera pakhomo, koma munthu angathe kuyenda nayo mfutiyo kunja. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva lidalengeza m'chaka cha 2018 kuti anthu wamba a m'dzikolo adali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni, kutanthauza kuti mfuti zidachuluka kuposa anthu. Tsono ngati pali dziko limene lingatisonyeze zimene mfuti ingathe ndi zimene singathe, dziko lake ndi limeneli.

Tisafulumire kuwaseka anthu amene amathamangira mfuti, chifukwa mantha awo ali ndi mbiri. Pa 30 January 1956, pa nthawi imene anthu akuda a mu mzinda wa Montgomery adanyanyala kukwera mabasi chifukwa cha tsankho, adani adaponya bomba panyumba ya Mbusa Martin Luther King. Mkazi wake ndi mwana wakhanda adali m'nyumbamo, koma mwamwayi adapulumuka. Pambuyo pake Mbusayo, amene dziko lonse limamukumbukira monga munthu wamtendere, adapempha chiphaso choyendera ndi mfuti, ndipo akuluakulu a kumeneko adamukaniza. M'chaka cha 1964, mu mzinda wa Jonesboro ku Louisiana, amuna akuda adakhazikitsa gulu lotchedwa Deacons for Defense and Justice, ndipo ankalondera usiku ndi mfuti kuti a Ku Klux Klan asavulaze omenyera ufulu. Anthu amenewa sadatenge mfuti chifukwa chokonda magazi ayi. Adatenga mfuti chifukwa apolisi amene adayenera kuwateteza adawafulatira, ndipo kawirikawiri adali mbali imodzi ndi adani awo. Apa pali phunziro loyamba, makamaka kwa inu ogwira ntchito za Boma: munthu amayamba kudalira mfuti pamene wataya chikhulupiriro mwa wapolisi ndi woweruza.

Koma mbiri yomweyo ili ndi tsamba lachiwiri. Medgar Evers, mlembi wa bungwe la NAACP m'chigawo cha Mississippi, adali msilikali wakale wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ankasunga mfuti chifukwa ankadziwa kuti akumusaka. Usiku wa pa 12 June 1963, akutsika galimoto pakhomo pake mu mzinda wa Jackson, munthu amene adabisala m'zitsamba adamuwombera kumsana. Mbusa King, amene pambuyo pake adachotsa mfuti m'nyumba mwake, adaphedwa pa 4 April 1968 ku Memphis ndi chipolopolo chochokera tsidya lina la msewu. Wina adasunga mfuti, wina adaikana, koma imfa yawo idabwera mofanana, kuchokera kwa munthu wobisala amene adasankha yekha tsiku, malo ndi ola. Mfuti imathandiza pamene mdani mwamuona. Wobisalira sakupatsani mpata umenewo.

Tsopano tibwere ku masiku athu ano. Kale munthu wofuna kuopseza mnzake ankalemba kalata yopanda dzina, kapena kuimba lamya usiku. Lero munthu mmodzi amalemba mzere umodzi, ndipo dzuwa lisanalowe anthu zikwizikwi amakhala atauwerenga ndi kuwonjezerapo zawo. Njira zake zilipo zitatu. Yoyamba ndiyo kutukwana ndi kuopseza mwachigulu. Yachiwiri ndiyo kufalitsa keyala ya munthu, nambala ya lamya yake, chithunzi cha nyumba yake, ngakhale dzina la sukulu imene ana ake amaphunzira, zimene kumeneko amazitcha doxxing. Yachitatu amaitcha swatting, ndipo ndiyo kunamiza apolisi kuti panyumba yakutiyakuti pali chigawenga, cholinga choti apolisi onyamula zida akathyole chitseko.

Nkhanza zimenezi sizisankha mbali. Mayi Dana Loesch, amene adali mneneri wa bungwe loteteza ufulu wa mfuti la National Rifle Association, adalengeza m'chaka cha 2017 kuti akusamuka pakhomo pake chifukwa cha anthu amene ankamuopseza iye ndi ana ake. Mnyamata David Hogg adapulumuka pamene anthu 17 adaphedwa pasukulu yake ku Parkland, m'chigawo cha Florida, pa 14 February 2018, ndipo adayamba kuyenda m'dziko lonse kupempha kuti malamulo a mfuti akhwimitsidwe. Mu June chaka chomwecho munthu wina adanamiza apolisi, ndipo iwo adafika kunyumba ya makolo ake ndi zida. Mwamwayi iye adali atachokapo. Taonani, mayi wofuna mfuti ndi mnyamata wokana mfuti, onse awiri adalawa chikho chimodzi.

Kodi mfuti ikadamuthandiza bwanji mnyamatayo tsiku limenelo? Tiyeni timve zimene zidachitika ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, pa 28 December 2017. Anyamata adakangana pa masewera a pa kompyuta, ndipo munthu wina ali ku Los Angeles adaimbira apolisi lamya yabodza, napereka keyala ya nyumba ya munthu amene sankadziwa kanthu za mkanganowo. Bambo wa zaka 28 adatuluka pakhonde kuti aone chimene chikuchitika, ndipo wapolisi adamuwombera, namwalira. Bamboyo adalibe chida m'manja. Tangoganizani tsono za munthu amene wauzidwa kuti adziteteze, ndipo atamva phokoso usiku watuluka ndi mfuti pamaso pa apolisi amene anamizidwa kuti muli chigawenga. Woimba lamya uja adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 20 m'chaka cha 2019, koma wakufa sadadzuke.

Keyala ikagwera m'manja oipa imasanduka chida. Mu July 2020, munthu wina amene adasonkhanitsa mbiri ya Woweruza Esther Salas adafika pakhomo pake ku New Jersey atavala ngati wopereka katundu, napha mwana wake wa zaka 20 ndi kuvulaza mwamuna wake. Pa 14 June 2025, Mayi Melissa Hortman, amene adakhalapo Sipikala wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Minnesota, adaphedwa pamodzi ndi mwamuna wawo m'nyumba mwawo ndi munthu wovala ngati wapolisi, ndipo ofufuza adanena kuti adapeza mndandanda wa maina a andale ena ambiri. Pa 10 September 2025, Charlie Kirk, mnyamata wa zaka 31 amene ankateteza ufulu wa mfuti ndi mtima wake wonse, adawomberedwa akulankhula ndi ophunzira pa Utah Valley University. Adali ndi alonda ake, koma chipolopolo chidachokera padenga la nyumba ina chapatali. Mayi Hortman adali wa chipani cha Democratic, Kirk adali wotsatira Pulezidenti Trump, ndipo mabanja onse awiri adalira maliro chaka chimodzi.

Pali chinthu china chimene olimbikitsa mfuti sakonda kuchitchula. M'chaka cha 2021 anthu 48,830 adafa ndi mfuti ku America, malinga ndi bungwe la boma loona za matenda la CDC, ndipo oposa theka mwa iwo adadzipha okha. Munthu amene akunyozedwa usana ndi usiku, amene sakugona tulo, amene akuona dzina lake likupondedwa m'matope pamaso pa ana ake, ndi munthu wosweka mtima. Kumuuza munthu wotere kuti mankhwala ake ndi mfuti pansi pa mtsamiro kuli ngati kusunga mafuta a galimoto pafupi ndi mbaula.

Nanga chimene chathandizako n'chiyani? Ndi malamulo ndi mabwalo a milandu, ngakhale kuti amayenda pang'onopang'ono. Amene adapha Medgar Evers adapezeka wolakwa m'chaka cha 1994, patapita zaka zoposa 30, pakuti mlandu suola. Mu December 2022 nyumba ya malamulo ya America idakhazikitsa lamulo loteteza makeyala a oweruza kuti asamagulitsidwe kapena kufalitsidwa mwachisawawa. M'chaka cha 2023, pa mlandu wa Counterman, bwalo lalikulu lidalongosola malire a pakati pa ufulu wolankhula ndi kuopseza: munthu angalangidwe ngati adadziwa kuti mawu ake angamveke ngati oopseza, koma iye osalabadira. Ndipo inu ogwira ntchito za Boma mumve bwino ichi. Amayi awiri, mayi ndi mwana wake, amene adawerenga mavoti ku Georgia pa chisankho cha 2020, adanamiziridwa kuti adaba mavoti, ndipo adaopsezedwa kufikira mmodzi adathawa pakhomo pake. Mu December 2023 bwalo lidalamula Rudy Giuliani, amene adakhalapo meya wa New York, kuti awalipire madola 148 miliyoni chifukwa chowaipitsira mbiri. Amayi amenewa adayeretsa maina awo ndi umboni pamaso pa woweruza.

Tsopano ndibwere kwathu kuno. Ife mfuti si ufulu wobadwa nawo. Munthu amayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo tiyenera kuthokoza kuti zili choncho. Koma lilime la pa intaneti lidafika kale pakati pathu. N'chifukwa chake tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la chaka cha 2016, limene limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu kudzera pa makina amenewa. Lamulo lilipo, koma lamulo lopanda mwambo wa anthu ake lili ngati nkhokwe yopanda denga. Tsono ndikupemphani zinthu zinayi.

Choyamba, kwa inu atsogoleri a Chipani: munthu akatidzudzula, timuyankhe ndi mfundo. Kudzudzula si kuopseza, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Wachinyamata amene amatukwana wotsutsa m'dzina la Chipani, kapena kumulembera kuti tikudziwa kumene ukukhala, sakutumikira Chipani koma akuchipaka matope, ndipo Tcheyamani wa nthambi yake amuitane ndi kumulangiza tsiku lomwelo.

Chachiwiri, kwa inu a m'maofesi: mafaelo amene mumasunga ali ndi makeyala, manambala a lamya ndi zinsinsi za anthu. Zimenezo mudapatsidwa kuti muzisunge. Kalaliki amene ajambula tsamba la faelo ndi kulitumiza pa gulu la WhatsApp sadziwa kuti lidzathera m'manja mwa yani.

Chachitatu, munthu akabwera kudzadandaula kuti akumuopseza, kaya ndi wathu kaya ndi wotsutsa, alandiridwe, dandaulo lake lilembedwe, ndipo lifufuzidwe. Tikumbukire kuti amuna a ku Jonesboro adatenga mfuti chifukwa chitseko cha polisi chidawatsekera. Lamulo likagwira wotsutsa yekha ndi kusiya wathu, anthu amaleka kulikhulupirira, ndipo aliyense amayamba kunola chikwanje chake.

Chachinayi, kwa aliyense wa ife: uthenga wonyoza munthu ukafika pa lamya yanu, uthere pomwepo. Moto wa tchire umakula chifukwa udzu uliwonse umapatsira unzake. Ndipo ngati oopsezedwayo ndi inu, musafufute mauthengawo, chifukwa ndiwo umboni; auzeni achibale ndi anansi, ndipo pitani ku polisi.

Mabwana ndi madona, akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa masiku ano ndi chala chimene chimalemba pa lamya, ndipo zimene chalemba sizifufutika. Anzathu a ku America ali ndi mfuti zochuluka kuposa anthu, komabe andale awo akusamuka m'nyumba zawo chifukwa cha mantha. Ife tisadikire kuti tiphunzire phunziro limeneli pa maliro. Mukabwerera kumadera ndi kunthambi zanu, kawauzeni anthu zimene mwamva pano.