Kuyenda Wapansi M'misewu ya Hanoi Moperekezedwa ndi Eni Mzinda



Nkhani ya lero ndi ya Hanoi, likulu la dziko la Vietnam, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Mzindawu ndi wakalekale: mfumu Ly Thai To inasamutsira likulu lake kumeneko m'chaka cha 1010 ndipo inautcha Thang Long. Masiku ano alendo ambiri akafikako amasiya galimoto n'kuyamba kuyenda wapansi, atatsogozedwa ndi munthu wakomweko. Mfundo yaikulu ya nkhaniyi ndi iyi: chimene chimakopa mlendo ku Hanoi ndi ntchito za tsiku ndi tsiku za anthu wamba, ndipo amene amam'tsegulira maso kuti azimvetse ndi mwana wa mumzindamo.

Ulendo wotere nthawi zambiri umayambira pa kanyanja ka Hoan Kiem, kamene kali pakati pa mzinda. M'bandakucha, agogo amasonkhana m'mphepete mwake kuchita masewera olimbitsa thupi. Mlendo ali yekha angaone madzi obiriwira, mlatho wofiira wa The Huc ndi kachisi wa Ngoc Son pakachilumba, n'kudutsa. Womperekeza ndiye amam'fotokozera kuti dzina la Hoan Kiem limanena za lupanga lobwezedwa. Malinga ndi nthano ya kumeneko, Le Loi, amene anathamangitsa asilikali a ku China n'kukhala mfumu mu 1428, anabweza lupanga lake lamphamvu kwa kamba wam'madzi amene anatulukira m'nyanjamo. Kamba wamkulu amene anthu ankamulemekeza m'madzi amenewa anafa mu Januwale 2016, ndipo anthu a mumzindawu anam'dandaula ngati nkhalamba ya pamudzi.

Kuchokera panyanjapo, chakumpoto, woyenda amalowa m'dera lakale la amisiri ndi amalonda, lodziwika kuti Misewu 36. Mayina a misewu yambiri amayamba ndi liwu lakuti Hang, kutanthauza katundu wogulitsa, chifukwa kale msewu uliwonse unali ndi ntchito yakeyake. Hang Bac ndi msewu wa osula siliva. Ku Hang Thiec kukumvekabe nyundo za amisiri a malata. Ku Hang Ma amagulitsa zinthu zamapepala zimene mabanja amawotcha pokumbukira makolo awo, ndipo ku Lan Ong mpweya wonse umanunkhira mankhwala azitsamba. Nyumba zake n'zopapatiza kutsogolo koma zazitali kulowa m'kati: pakhomo pali sitolo, kumbuyo kuli banja. Imodzi mwa nyumba zoterezi, ya nambala 87 mumsewu wa Ma May, inakonzedwa kuti alendo azilowamo n'kuona mmene amalonda akale ankakhalira. Chapafupi pali chipata cha O Quan Chuong, chimodzi chokha chimene chatsala mwa zipata zakale za mzindawu, komanso msika wa Dong Xuan umene Afalansa anamanga mu 1889. Msikawu unapsa mu 1994 koma unamangidwanso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zonsezi amaziona ndi munthu woyenda pang'onopang'ono.

Ngakhale kuwoloka msewu kumafuna mphunzitsi. Njinga zamoto ku Hanoi zimayenda ngati dzombe, ndipo mlendo wongofika kumene amatha kuima m'mbali mwa msewu nthawi yaitali. Womperekeza amamuuza kuti aziyenda mosathamanga, asaime mwadzidzidzi ndiponso asabwerere m'mbuyo, pakuti oyendetsa njingawo amayeza liwiro lake n'kum'lambalala.

Njala ikayamba, ulendo umafika pachimake. Chakudya chambiri cha ku Hanoi chimaphikidwa ndi kudyedwa m'mbali mwa msewu, anthu atakhala pa timipando tapulasitiki tating'ono. Ophika ambiri amadziwika ndi chakudya chamtundu umodzi chimene akhala akuchiphika zaka zambiri. M'mawa anthu amadya pho: msuzi wa mafupa a ng'ombe wowiritsidwa maola ambiri, wothiridwa pa timizere ta ufa wa mpunga, nyama yoduladula ndi masamba onunkhira. Masana utsi wa makala umalondolera munthu ku bun cha, nyama ya nkhumba yootcha yoviikidwa mu msuzi wa nsomba wotsekemera ndi wowawasa pang'ono. Mu Meyi 2016, Barack Obama, ali mtsogoleri wa dziko la America, anadya bun cha pamodzi ndi Anthony Bourdain pamalo odyera wamba otchedwa Huong Lien, ndipo kuyambira pamenepo alendo sasowa pamalopo. Palinso cha ca, nsomba yokazinga ndi zokometsera patebulo pomwepo, imene inatchuka kwambiri mpaka msewu wina unapatsidwa dzina lake.

Zakudya zina zimasunga mbiri ya dziko. Banh mi ndi buledi amene Afalansa anabweretsa m'nthawi ya atsamunda, koma eni dziko anam'sandutsa wawo poikamo nyama, ndiwo zamasamba ndi tsabola. Khofi wa dzira anayamba mu 1946, pamene mkaka unkasowa. Nguyen Van Giang, amene ankagwira ntchito pahotela ya Metropole, anapuntha mbali yachikasu ya dzira ndi shuga n'kuiika pamwamba pa khofi. Banja lake likugulitsabe khofi ameneyu pamalo otchedwa Cafe Giang, amene khomo lake ndi kakhwalala kakang'ono kosavuta kukaphonya.

Pachakudya m'pamene ntchito ya woperekeza imaonekera bwino. Iye amadziwa mayi amene mphika wake umatha tsiku lomwelo osagona, amadziwa mtengo woyenera, ndipo amafunsira mlendo ngati chakudya chili ndi mtedza kapena nkhanu zimene zingam'dwalitse. Amam'phunzitsa kugwira timitengo tiwiri todyera, namuchenjeza kuti asatiimike mumbale ya mpunga chifukwa zimafanana ndi lubani wofukizira akufa. Amam'kumbutsanso kuvala modzilemekeza polowa m'kachisi ndi kupempha kaye asanajambule munthu. Paja safunsa anadya phula.

Kodi operekezawa ndi ndani? Ena ndi antchito a makampani okopa alendo, amene amalipidwa ndipo amakhala ndi chiphaso cha boma. Ena ndi ophunzira a m'makoleji. Gulu la Hanoikids, limene linayamba mu 2006, limaperekeza alendo popanda malipiro. Mlendo amangolipira zolowera, zoyendera ndi chakudya, ndipo wophunzirayo amapindula pozolowera kulankhula Chingelezi ndi kudziwa bwino mbiri ya kwawo. Phindu lina limagwera anthu a mumsewu. Mlendo wonyamulidwa pabasi kuchoka kuhotela kupita kumalo aakulu amasiya ndalama zake m'manja owerengeka. Woyenda wapansi amagula msuzi kwa mayi uyu, zipatso kwa uja, khofi kwa bambo wina, ndipo ndalama imamwazika m'makomo ambiri.

Komabe, moyo wa mumsewu umenewu uli ndi mavuto ake. M'mbali mwa msewu, mmene woyenda pansi ayenera kudutsa, ndi momwenso muli mbaula, mipando ndi njinga zoimikidwa. Mu 2008 akuluakulu a mzinda analetsa mavenda m'misewu 62 ndi m'malo ena 48, pofuna ukhondo ndi dongosolo. Amene anakhudzidwa kwambiri ndi amayi ochokera kumidzi yozungulira, onyamula madengu awiri pamtengo wopingasa paphewa, omwenso alendo amakonda kuwajambula. Kwinanso, njanji imadutsa pakati pa nyumba, sitima n'kumapita pafupi kwambiri ndi makomo. Eni nyumba anatsegula malo omwera khofi pomwepo, alendo anachuluka mpaka kumaima panjanji, ndipo mu Okutobala 2019 akuluakulu analamula kuti malowo atsekedwe poopa ngozi. Mantha a akuluakuluwo anali omveka, ndipo kudandaula kwa mabanja otaya malonda kunalinso komveka.

Njira ina imene mzindawu unayesa inayenda bwino. Kuyambira mu Seputembala 2016, misewu yozungulira nyanja ya Hoan Kiem imatsekedwa kwa galimoto ndi njinga zamoto kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu usiku. Ana amasewera pakati pa msewu, oimba ndi ovina amasangalatsa anthu, ndipo mabanja a mumzindamo ndiwo amadzaza malowo pamodzi ndi alendo. Dongosolo linabwera chifukwa chogawa nthawi ndi malo, popanda kuchotsa anthu.

Amayi ndi abambo, mkangano wa mavenda ndi misewu si wachilendo kwa aliyense amene wakhala pano. Hanoi sanaumalize, koma waonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, malonda a munthu wamng'ono akakhala aukhondo ndiponso ali ndi malo odziwika, amasanduka chinthu chimene anthu amawolokera nyanja kudzachiona. Chachiwiri, wachinyamata wodziwa chiyambi cha dzina la msewu wakwawo, wodziwanso amene amaphika bwino ndi amene amasula bwino, ali ndi luso logulitsika ngakhale alibe mpamba. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene waona ndi kulawa amakazisimba kwawo.