ZISA ZA MPHAMBA, CIOMBANKHANGA NDI KADZIDZI
Mau kwa mafumu ndi alimi a fodya a ku Kasungu

Ino ndi nyengo ya malimwe. Mitengo ya m'thengo yaphuka masamba ofiira, nazale za fodya zafesedwa m'madambo, ndipo nkhwangwa zayamba kumveka, pakuti ali yense afuna mitengo ya cigafa cace mvula isanadze. Nyengo yomweyi ndiyo imene mbalame zina zolusa ziikira mazira. Cifukwa cace ndifuna kulankhula nanu za mbalamezi, ndipo pempho langa ndi limodzi: musadule mtengo wokhala ndi cisa, ndiponso musaponye mwala, musanaone ndi maso anu cimene mwini cisayo adyetsa ana ace. Mfumu siiweruza mlandu isanamve mboni.

1. Tizindikire mbalamezo

Ife tizolowera kunena kuti mbalame iri yonse ya mlomo wokhota ndi zala zakuthwa ndiyo mbala ya nkhuku. Koma mitundu yace ndi yambiri, ndipo zakudya zace nzosiyana. Ndichulako isanu.

Woyamba ndiye mphamba wa mlomo wacikasu ndi mcira wa mphanda, amene aupotoza pouluka. Ena amucha kamtema. Ameneyu ndi mlendo: afika kuno ca m'ma August, nacokanso ca m'ma March kumka kumpoto. Amanga cisa ca timitengo pa mphanda ya mtengo wautali, nayalamo nsanza, mapepala ndi ndowe, naikira mazira awiri kapena atatu. Adya mbewa, acule, dzombe, ngumbi ndi nyama zakufa, ndipo mumuona akuzungulira pa moto wa lupsa. Agwiranso anapiye, izi sindibisa.

Waciwiri ndi ciombankhanga cacing'ono ca nthenga zoderako, cimene m'mabuku cichedwa ndi dzina la Wahlberg, munthu wa ku Sweden amene anaphedwa ndi njobvu kufupi ndi nyanja ya Ngami m'caka ca 1856. Naconso cifika mu August, ndipo cibwerera ku cisa cace comwe ca caka catha. Ciyala masamba awisi m'cisamo, niciikira dzira limodzi lokha. Cifungatira masiku ngati 45, ndipo mwana akhala m'cisa masabata ngati 10 asanauluke. Cidya abuluzi, mbewa, agologolo ndi mbalame.

Wacitatu ndi kambalame kotuwa, koyera kumimba, ka mapewa akuda ndi maso ofiira, kamene kaima pamalo amodzi m'mwamba nikakupiza mapiko, kenaka nikagwa m'munda. Cakudya cace ceniceni ndi mbewa, ndipo kamanga cisa pa nyengo imene mbewa zacuruka.

Wacinai ndiye kadzidzi wa nkhope yoyera. Iye samanga cisa ca timitengo. Aikira mazira oyera m'phanga la mtengo, kapena kudenga kwa nyumba yosiyidwa, kapena m'balani ya fodya, makamaka mvula itatha.

Wacisanu ndi ciombankhanga cacikuru ca mawanga pamimba. Cifuna mtengo waukuru ndithu, ciikira dzira limodzi m'nyengo ya cisanu, ndipo kawiri kawiri cilera mwana mmodzi pa zaka ziwiri. Pa malimwe mwanayo akali pafupi ndi cisa. Cidya nkhanga, ang'azi ndi akalulu. Wofuna kuciona ayang'ane ca ku nkhalango ya Kasungu, imene inakhala paki ya dziko m'caka ca 1970, pakuti kumeneko mitengo yaikuru ikalipo.

2. Zimka kuti zikacoka kuno?

Kale anthu anangoona kuti mbalame zina zisowa mvula ikatha. M'caka ca 1994 katswiri wa ku Germany, Bernd-Ulrich Meyburg, ndi anzace anamanga kacipangizo kotumiza uthenga pa msana wa ciombankhanga cacing'ono cija kumpoto kwa Namibia. Kacipangizoko kanaonetsa kuti mbalameyo inauluka kufikira ku maiko a Cameroon, Nigeria ndi Chad, nikhala kumeneko miyezi yathu ya cisanu, kenaka nibwerera kumene inacokera. Taganizani tsono: mbalame iyenda ulendo wotere pobwerera ku mtengo umodzi, ndipo ikafika ipeza citsa. Ikayamba kufuna mtengo wina ndi kumanga catsopano, nyengo yoikira ingathe kuipitirira. Ndipo popeza dzira lace ndi limodzi, caka cimeneco palibe mwana.

3. Kapenyedwe ka cisa

Kuona maso a nkhono nkudekha. Nchito imeneyi siifuna ndalama, ifuna maso ndi mtima wofatsa.

Muyambe mu August ndi September. Mukaona mbalame yanyamula kamtengo kapena nthambi ya masamba awisi, muitsate ndi maso kufikira itatera. Zizindikiro zina za cisa cokhalamo eni ndi izi: masamba awisi m'mphepete mwace, zitosi zoyera pansi pa mtengo, ndi mutu wa mbalame woonekera pamwamba.

Mukacipeza, mukhale patali ngati mapazi 100, pamthunzi, m'mamawa kapena madzulo. Mbalame ikauluka nkulira pamwamba panu, dziwani kuti mwayandikitsa, bwererani m'mbuyo. Musakwere mtengo, ndipo muwaletse anyamata oweta ng'ombe kukwera. Mai wace akathawa pa dzuwa la October, dzira kapena kamwana kapsa msanga, ndipo akhwangwala sacedwa kufika.

Kamodzi pa sabata nkokwanira. Mwana wa sukulu atenge kabuku, alembe zinai izi: tsiku, dzina la mtengo, cimene mbalame ikucita, ndi cimene yabwera naco m'zala. Mwana wa mbalame atauluka, mukafike pansi pa mtengo, mutole mafupa, ubweya ndi nthenga. Zimenezo ndizo mboni. Ngati pali nthenga za nkhuku, mudzaziona. Ngati pali mitu ya mbewa ndi ya abuluzi, mudzaionanso.

Za kadzidzi nzapafupi koposa. Iye ameza nyama yathunthu, ndipo pambuyo pace alabvula kambulu ka ubweya ndi mafupa. Pansi pa malo ace ogona mudzapeza timibulu timeneti tambiri. Tolani khumi, mutibviike m'madzi, mutiphwanye ndi kamtengo, ndipo muwerenge zigaza. Citani izi pa bwalo, anthu onse akuona, ndipo mukatha musambe m'manja ndi sopo.

4. Mlandu wa mbewa

Mudziwa nonse kapuku, mbewa imene ifukula mbeu ya cimanga usiku womwe mwabzala, nidya mtedza m'nthaka. Yaikazi itenga bere masiku 23 okha, ndipo kawiri kawiri iswa ana 10 kapena 12 nthawi imodzi. Anawo nawonso ayamba kuswa pakapita miyezi yowerengeka. Mudzati, "Mbewa ndi ndiwo, anyamata athu azikumba." Nzoona; koma anyamata akumba m'malimwe, masana, ndipo mvula ikagwa aleka. Kadzidzi asaka usiku uli wonse wa caka, ndipo kambalame kotuwa kaja kasaka masana. Salandira malipiro, safuna kuponi.

Ambiri a ife tinaleredwa ndi mau akuti kadzidzi akalira pa denga pali maliro. Sindinyoza akuru amene anatiuza izi; ndingopempha kuti muone kumene iye atera. Atera pafupi ndi nkhokwe ndi pa zigafa, cifukwa pamenepo ndi pamene makoswe ayenda. Ku Israel alimi a pa mudzi wa Sde Eliyahu anayamba m'caka ca 1983 kuimika mabokosi m'minda kuti akadzidzi aziswiramo, ndipo ku Malaysia acita cimodzimodzi m'minda ya kanjedza wa mafuta. Anthu amenewo amangira nyumba mbalame imene ife tiipitikitsa.

5. Mlandu wa anapiye

Mai amene wataya anapiye ace ali ndi cifukwa ca kukwiya, ndipo mau okoma sabweza nkhuku. Koma kupha mphamba mmodzi sikuthetsa bvuto, pakuti mawa adza wina. Cothandiza ndi ici: anapiye akaswa, muwasunge pamodzi ndi mai wao m'kakhola ka nsungwi kapena bango kofolera pamwamba, kufikira atakwana masabata asanu ndi limodzi, ndipo muziwapatsa madeya, ciswe ndi madzi. Pa bwalo musasese mpaka mbee. Siyani zitsamba zina kuti nkhuku zikhale ndi pothawira.

Ndiponso muwerenge bwino. Mphamba atenga mwanapiye mmodzi mmodzi, koma citopa cikalowa m'mudzi pa malimwe cisesa makola onse m'masiku owerengeka. Katemera wace wodonthezera m'diso alipo, ndipo aperekedwa miyezi inai iri yonse. Wofuna nkhuku zambiri ayambe ndi katemera, asayambe ndi legeni.

6. Cimene cikutha mbalamezi

M'caka ca 2024 akatswiri otsogozedwa ndi Phil Shaw ndi Darcy Ogada anafalitsa zimene anapeza powerenga mbalame zolusa m'zigawo zingapo za Africa. Pa mitundu 42, mitundu 37 inali itacepa, ndipo kucepako kunali kwakukuru kunja kwa malo osungidwa. M'caka ca 2020 ciombankhanga cacikuru cija cinalembedwa ndi bungwe la IUCN pa mndandanda wa zamoyo zimene ziri pangozi ya kutha.

Kuno kwathu adani ace ndi awiri. Woyamba ndi nkhwangwa. Fodya adya mitengo: wa m'mabalani afuna nkhuni, wa m'zigafa afuna mapolo ndi mphanda, ndipo mtengo wautali woongoka umene mlimi ausirira ndi womwewo umene mbalame iusankha. Waciwiri ndi mankhwala. Mukathira tameki m'cakudya kuti muphe makoswe, khoswe wodzandira atoledwa ndi mphamba kapena kadzidzi, ndipo onse awiri afa. Galu, nkhuku, ngakhale mwana wa munthu ali pangozi yomweyo. Makoswe abwereranso m'miyezi yowerengeka, koma mbalame ya dzira limodzi pa caka ifuna zaka zambiri kuti ibwerere. Mankhwala ena aononga mobisika: m'caka ca 1967 Derek Ratcliffe wa ku Britain anaonetsa kuti makoko a mazira a mbalame zolusa anayamba kupyapyala kucokera pamene DDT anafala, kotero kuti mazira anali kusweka mai wace akufungatira.

7. Nchito ya mafumu

Akuru anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Mtengo umene waima lero ndi umene muli nao. Umene mudzabzala ufuna zaka 30 kapena kuposa kuti unyamule cisa ca ciombankhanga. Tsono ndipempha mafumu zinthu zisanu.

Coyamba, mudzi uli wonse udziwe mitengo yace ya zisa, ndipo mfumu ilengeze pa bwalo kuti mitengoyo siidulidwa, pamodzi ndi ina yoizungulira.

Caciwiri, mulambule maudzu pansi pa mitengoyo moto usanafike.

Cacitatu, musunge nkhalango ya mudzi. Nkhalango zotere zinayamba m'dziko muno m'caka ca 1926, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 lizibvomereza. Musungenso mikuyu ndi mitengo ina ya m'mbali mwa mitsinje imene ithira mu Bua ndi Dwangwa.

Cacinai, mubzale mitengo m'mizere pa malo a cigafa, kuti ikakula ikhale mizati yamoyo, musadulenso m'thengo caka ndi caka.

Cacisanu, makoswe a m'nyumba muwaphe ndi misampha ndi amphaka, ndipo kadzidzi akalowa m'balani yopanda nchito mumleke alere ana ace.

Pomaliza, mafumu anga, sindikupemphani kuti mukhulupirire mau anga okha. Sankhani cisa cimodzi caka cino, mucipenye kuyambira pa kuikira kufikira mwana atauluka. Mvula ikakhazikika, muitane mudzi, mwana wa sukulu awerenge kabuku kaja, mafupa aikidwe pa mphasa, ndipo pamenepo muweruze mlandu monga mwaona. Tsalani bwino.