Mikisa yoyendetsa ndi foni: zomwe ndinayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali

 Ena mwasiya maukonde osasoka, ena mwachokera ku mpunga, ndiye sindikuchedwetsani.

Mwandipempha kuti ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yatikanganitsa miyezi iwiri tsopano. Ndalama tasonkhazi tigulire mikisa yachikale ija ya timabatani tambirimbiri, kapena tipirire pang'ono tigule ya digito yoyendetsa ndi foni? Ine ndanyamula masipika pa maukwati, zinkhoswe, maliro ndi misonkhano ya mpingo kuyambira pa Chia pano mpaka ku Benga ndi ku boma. Zonse ziwiri ndazigwirapo. Ndikuuzani ubwino wake, komanso tsiku lomwe ndinachita nazo manyazi.

Vuto la mikisa yachikale mukulidziwa. Timaiika pafupi ndi oimba chifukwa mawaya athu ndi aafupi. Ndiye wosakaniza mawu amakhala kumbuyo kwa masipika, akumva zina, pomwe anthu okhala kutsogolo akumva zinanso. Iwe ukuti zili bwino, agogo kumapeto kwa tenti sakumva kanthu, amayi a kutsogolo atseka makutu. Kuti ukhale pakati pa anthu pamafunika chingwe chachikulu chija amati snake, cholemera ngati chingwe cha chilimira, ndipo mtengo wake si wamasewera.

Mikisa ya digito ndi kompyuta basi, yongovala chovala cha mikisa. Tengani Behringer XR18 yomwe ambiri mwaiona pa Facebook. Ndi kabokosi koti munthu unyamula ndi dzanja limodzi, kali ndi malo 16 olowetsapo maikolofoni, koma mabatani okwezera mawu palibe ndi limodzi lomwe. Mkulu wake, X32, anatuluka mu 2012, ndipo uyo ali nawo mabatani, komabe naye amamvera foni. Kabokosiko kamatsala pa nsanja, iwe n'kumayenda pakati pa anthu ndi foni kapena tabuleti, ukumva zomwe iwo akumva. Amene munafika ku Fish Eagle Bay pa Lake of Stars mu Seputembala 2024, pafupi pompano, mukudziwa kukula kwa zoimbira za pa zochitika zotere. Pa malo ngati amenewo mukaona munthu akuyendayenda mu mchenga maso ali pa tabuleti, musafulumire kunena kuti ali pa WhatsApp. Nthawi zambiri amakhala ali pa ntchito.

Apa mvetsetsani, chifukwa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Nyimbo sidutsa mu foni ayi. Mawu amachoka mu maikolofoni, kulowa mu mikisa, kupita ku ampu ndi masipika pa waya monga kale. Chomwe foni imatumiza ndi malamulo okha, timauthenga tating'onoting'ono: kweza uyu, tsitsa uyo, tseka wachitatu. Chiyankhulo chomwe mamikisa a Behringer amamva chimatchedwa OSC, kutanthauza Open Sound Control. Anachikonza Matt Wright ndi Adrian Freed ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1997. Ukakoka batani la maikolofoni yachitatu pa foni, uthenga umapita wolembedwa chonchi, /ch/03/mix/fader, limodzi ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Ziro ndiye zii, wani ndiye mapeto. Ndipo foni imayenera kukumbutsa mikisa masekondi 10 asanathe kuti ndikadalipo, apo ayi mikisa imasiya kuiuza zomwe zasintha.

Mlongo wathu msungichuma anafunsa tsiku lija kuti, ndiye bandulo ya tsiku lililonse tiziitenga kuti? Yankho ndi loti sipafunika bandulo, kaya ya TNM kaya ya Airtel. Netiweki yake ndi ya pompo, ya pakati pa foni ndi mikisa, intaneti sikhudzidwa. Chomwe ndimalangiza n'choti uzimitsiretu data ya pa foni, chifukwa mafoni ena akaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti amaithawa mwakachetechete n'kubwerera ku data, iwe osadziwa.

Tsopano manyazi aja. Unali ukwati, sinditchula wa ndani. Ndinabwereka mikisa ya digito, ndipo m'mawa poyesa zonse zinali myaa. Ndinadalira Wi-Fi ya m'kati mwa mikisa momwemo, ndipo kabokosiko ndinakaika pansi, kuseri kwa sipika. Anthu atadzaza, aliyense foni m'thumba, ena atayatsa hotspot, zinthu zinayamba kuchedwa. Ndikakoka batani, mikisa imayankha mochita kuganizira. Itafika nthawi ya perekaniperekani, a MC mwa chimwemwe anakaima kutsogolo kwenikweni kwa sipika. Kulira kwake! Ana anathawa, akuchikazi anandiyang'ana onse nthawi imodzi. Ndikayang'ana tabuleti, ikungozungulira kufuna netiweki. Pa mikisa palibe choti ndigwire. Ndinathamanga kudumpha mbale ya ndalama n'kukazula waya wa maikolofoni ndi dzanja. Theka la malipiro anga linathera pomwepo, ndipo banja limenelo silinandiitanenso.

Olakwa sanali makina, ndinali ine. Wi-Fi ya m'kati mwa XR18 imayenda pa 2.4 GHz, msewu womwe mafoni, ma hotspot ndi Bluetooth amapanikizana ngati pa mlatho wa Chia minibasi zikaima kugula nsomba. Komanso thupi la munthu ndi madzi ambiri, ndipo madzi amameza mafunde amenewa. Bwalo lopanda anthu ndi bwalo lodzaza ndi malo awiri osiyana.

Kuyambira tsiku limenelo ndimachita zinthu zitatu. Ndimagwiritsa rauta yapadera ya 5 GHz, yolumikiza ku mikisa ndi waya, ndipo ndimaimangirira pamwamba pa mtengo wa tenti kuti ipose mitu ya anthu. Ndimaika pasiwedi yomwe sindiuza aliyense, ngakhale mwini ukwati, chifukwa pulogalamu yake aliyense atha kuiika pa foni, ndipo mwana wochenjera mmodzi akhoza kukuzimitsirani abusa ali pakati pa ulaliki. Chachitatu, ndimakhala ndi laputopu yolumikiza ndi waya wa netiweki, uja amati Cat5e. Waya umenewu umafika mamita 100 osavuta, ndipo sulabadira kuti pabwera mafoni angati.

Zomwe zimandikoka mtima kwenikweni ndi zoti mikisa imakumbukira. Ukakonza mawu a kwaya bwinobwino, umasunga ngati scene n'kuipatsa dzina. Ukakonza a bandi, umasunganso. Kwaya ikatsika bandi n'kukwera, umangodina kamodzi, zonse zabwerera m'malo mwake. Amene munayamba mwasakanizapo pa chikondwerero cha makwaya khumi mukudziwa thukuta lomwe ndikunena. Palinso automix, nzeru yomwe anayambitsa Dan Dugan wa ku America m'zaka za m'ma 1970. Mukakhala ndi maikolofoni asanu pa tebulo, makina amakweza ya amene akuyankhula n'kutsitsa enawo okha. Ganizirani msonkhano wa BVC, amfumu, alangizi a zausodzi ndi asodzi akulandizana mawu pa nkhani yotseka nyanja. Pamenepo automix ndi mnzako weniweni. Koma pa nyimbo musaiyatse, siidziwa kuti alto ndi tenala ayenera kumvekera limodzi.

Oimba nawonso atha kudzikonzera mawu a sipika yawo ya pa nsanja ndi foni zawo. Pulogalamu ya Mixing Station imalola kuti munthu umutsekere pa gawo lake lokha. Mutsekereni ndithu. Woyimba gitala aliyense pa dziko lino amakhulupirira kuti sakumveka.

Ena mwamva za Dante. Imeneyo ndi nkhani ina: kumeneko mawu enieniwo ndi omwe amayenda pa waya wa netiweki. Inachokera ku kampani ya Audinate ya ku Sydney mu 2006. Ndi zabwino, koma si za thumba lathu panopa.

Zoopsa zake nazi. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, mikisa yachikale imayamba pompo, pomwe ya digito imayamba yadzuka kaye, rauta nayo n'kudzuka mochedwerapo. Mphindi imeneyo pa maliro ndi yaitali kwambiri. Ndiye ka UPS kakang'ono ka mikisa ndi rauta kakhale mu bajeti, osati mawa. Chachiwiri, yachikale ikafa mbali imodzi, mbali zina zimagwirabe, ndipo amisiri okonza mawailesi amaitsegula. Ya digito ikafa yafa yonse, ulendo wa ku Lilongwe. Kuno kuli mchenga, chinyezi ndi nkhungu zomwe zimalowa paliponse pali kabowo, ndiye bokosi lotsekeka bwino lifunika.

Maganizo anga ndi awa. Tipirire, tigule ya digito, koma tisaitenge tisanakwanitse rauta, UPS ndi waya wa netiweki. Kamikisa kathu kakale tisakagulitse, kazipita nafe pa ntchito iliyonse. Ndipo tisakhale ndi katswiri mmodzi. Tiphunzire anthu osachepera anayi, atsikana awiri mwa iwo, chifukwa ine ndikadwala malungo ntchito isaime. Foni sikonza gain yolakwika, sisuntha sipika yoima molakwika. Zimenezo tiyamba nazo tisanakhudze pulogalamu.

Loweruka likubwerali ndabwereka mikisa kwa tsiku limodzi. Bwerani 2 koloko ndi foni yotchaja, mutaikiratu Mixing Station kapena X Air. Wina abweretse nsungwi yaitali yomangirira rauta. Tidzayamba ndi kuzimitsa Wi-Fi dala nyimbo ili m'kati, kuti aliyense aone chomwe chimachitika ndi komwe ayenera kuthamangira.