KHOLA LOYENERA NKHUKU ZOCHEPA ZA PAKHOMO

Dzina la Mikolongwe limadziŵika m'maboma onse a Malaŵi, ngakhale kwa anthu amene sanapondeko m'boma la Chiradzulu. Chimene chidalitchukitsa ndi nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp, zimene boma lidayamba kuswetsa kumeneko m'zaka za m'ma 1950 ndi kumazigulitsa kwa alimi zili ndi milungu isanu ndi umodzi. Cholinga chidali chakuti atambala akudawo akwere mathadzi achikuda, pabadwe nkhuku zazikulu ndi zoikira mazira ambiri. Komabe nkhuku zambiri zotere zinkafa m'midzi zisanaonetse phindu lake, pakuti mtundu wabwino sukhalitsa pakhomo popanda pogona pabwino.

Chiradzulu ndi boma laling'ono, koma kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 350,000. Minda ndi yochepa ndipo nyumba ndi zoyandikana. Kwa mabanja ambiri, nkhuku zisanu kapena khumi ndizo chuma chothaŵirako mwana akadwala, mlendo akabwera kapena pakasoŵa ndalama ya feteleza. Vumbwe akagwira mathadzi atatu usiku umodzi, banja lotere lataya gawo lalikulu la chuma chimenecho. Nchifukwa chake mlimi wanzeru, asanadule mtengo ndi umodzi womwe, amayamba wadzifunsa kuti: chimene chimatha nkhuku pakhomo pano nchiyani? Yankho lake ndilo limamsankhira khola.

Ambiri amayankha kuti ndi mbala, motero amagoneka nkhuku m'khitchini kapena m'nyumba yogona anthu. Mantha ameneŵa ndi omveka, koma njirayi ili ndi mtengo wake. Utitiri ndi nthata zimachoka pa nkhuku ndi kuluma ana, zitosi zimagwera pafupi ndi chakudya, ndipo utsi umavutitsa nkhuku popuma. Mbala imaopa khola lomangidwa moyang'anana ndi zenera la kuchipinda, lachitseko cholimba ndi loko, pakuti nkhuku zikangolira mwini wake amadzuka.

Kumene mdani ndi vumbwe, likongwe, galu kapena njoka, makamaka m'midzi ya m'mphepete mwa phiri la Chiradzulu ndi pafupi ndi tchire, khola lam'mwamba ndilo loyenera. Limaimikidwa pa nsanamira zotalika ngati mita imodzi, ndipo pansi pake pamayalidwa nsungwi motalikirana pang'ono, mwakuti chala chimodzi nchokwanira kuloŵa pampatapo. Zitosi zimagwera pansi, mphepo imayenda, ndipo nkhuku zimagona pouma. Chilata chopindidwa ngati chipewa ndi kuvekedwa pa nsanamira iliyonse chimabweza khoswe ndi njoka, pamene phulusa lothiridwa m'tsinde limathandiza kupewa linthumbu. Makwerero ake achotsedwe madzulo alionse nkhuku zikaloŵa. Chovuta chake nchakuti chiswe chimadya nsanamira, ndipo anapiye sangathe kukwera.

Kumene mdani ndi kuzizira ndi mbala, khola lapansi la njerwa kapena la dothi limaposa. Limafunda bwino m'miyezi ya June ndi July pamene chiperoni chagwa, ndiponso limayenera nkhuku zolemera za Mikolongwe, zimene zimapweteka miyendo podumpha kuchokera pamwamba. Pansi pake pakhale potundumuka, potsendera bwino, pothiridwa utuchi kapena makoko a mtedza kuti zimwe chinyezi. Khoma likhale lozira bwino mkati, chifukwa m'ming'alu ndimo mumabisala tizilombo toyamwa magazi usiku. Kumtunda kwa khoma kusiyidwe mazenera otchingidwa ndi waya wa maso ang'onoang'ono. Munthu akaloŵa m'khola m'maŵa, fungo la zitosi nkumutulutsa misozi, adziŵe kuti mpweya sukukwanira.

Mdani wachitatu amachokera kumwamba. Kabaŵi, mphamba ndi khwangwala amatha anapiye m'milungu yoyamba, thadzi loswa khumi nkukulitsa atatu okha. Pamenepa pafunika chitatanga cholukidwa ndi nsungwi, chopanda pansi, chimene amavundikira thadzi ndi ana ake masana ndi kuchisuntha tsiku ndi tsiku kuti atole pamalo patsopano. Usiku anapiye agone pofunda ndi make, padera ndi nkhuku zazikulu, kufikira atamera nthenga zokwanira.

Palinso mdani wina amene sadya nkhuku koma amadanitsa anthu. Nthaŵi yodzala, nkhuku zoyenda momasuka zimafukula mbewu za anansi, ndipo nkhani zotere zimakafika kwa a nyakwaŵa. Pakhomo popanikizana, khola likhale ndi kampanda ka nsungwi kapena ka waya kumene nkhuku zingatandalire masana. Koma wotsekera nkhuku wadzisenzetsa udindo wozipatsa madeya, masamba ndi madzi aukhondo tsiku lililonse. Walira mvula walira matope.

Kaya khola ndi la mtundu uti, miyeso yake isanyozedwe. Malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amakwanira nkhuku zazikulu zitatu kapena zinayi ngati zimakhalitsamo. Motero mathadzi asanu ndi tambala mmodzi afunika khola la mamita aŵiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Nkhuku zothithikana zimajomphana ndi kupatsirana matenda msanga. Mtanda wogonapo upatse nkhuku iliyonse malo ngati masentimita 25. Chisa chikhale cha masentimita 30 mbali zonse, pamalo pamdima pang'ono; dengu lakale kapena mphika wosweka woyalamo udzu wouma umagwira ntchitoyi. Thadzi lofungatira likhale ndi chisa chakechake masiku onse 21, kuti anzake asamaikire mazira atsopano pansi pake.

Malo omangapo nawonso asankhidwe mosamala. Mvula ya namondwe Freddy m'mwezi wa March 2023 idakokolola nyumba ndi ziŵeto m'madera ena a Chiradzulu, ndipo idaonetsa kuipa komanga m'njira ya madzi. Khola likhale pachitunda, ngalande itazungulira, denga litatulukira kunja kuti mvula isamenye khoma. Khomo lisayang'ane kumwera chakum'maŵa kumene kumachokera mphepo yozizira. Mthunzi wa mtengo umathandiza m'mwezi wa October, pakuti nkhuku zakuda zimavutika kwambiri ndi dzuŵa.

Khola palokha silichiza chitopa, nthenda imene imasesa nkhuku za mudzi wonse makamaka m'chilimwe. Koma nkhuku zogona m'mitengo sizigwirika pa tsiku la katemera, pamene za m'khola zimalandira zonse m'maŵa zisanatuluke. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi inayi iliyonse. Nkhuku yogulidwa pa msika, kaya ku Mbulumbuzi kaya ku Namitambo, iyambe yakhala payokha m'chitatanga milungu iŵiri isanasakanizidwe ndi zinzake.

Khola lisesedwe kamodzi pa mlungu, ndi kuthiramo phulusa pansi ndi m'zisa. Zitosi zosonkhanitsidwa pamthunzi ndi kuolerana ndi manyowa amphamvu a kudimba, chinthu chamtengo wapatali kwa mwini munda waung'ono. Amene akukayika za miyeso kapena za tsiku la katemera aonane ndi mlangizi wa ziŵeto wa m'dera lake, ndipo ntchito yomanga ithe mvula yoyamba isanagwe, udzu ndi nsungwi zikadali zouma.