Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Msonkhano wa Atolankhani Achinyamata ku Nkhudzi



Amene anandiitana anati ntchito yanga ndi yopereka masatifiketi ndi kutseka msonkhano basi. Koma pa timapepala ta mafunso timene munalemba dzulo, pali funso limodzi limene labwera ndi manja osiyanasiyana, ena atalilemba mwamanyazi, osaikapo ngakhale dzina, ndipo ndikhala nkhalamba yopanda chisoni ndikachoka pano osaliyankha. Funsolo likuti: ndikufuna kukapitiriza maphunziro a utolankhani kufika pa mastazi, koma digiri yanga yoyamba ndinakhoza mopunduka, chaka china bwino, chaka china movutikira, kodi khomo linatsekeka?

Pepala la malikisi lotere ndimalidziwa, pakuti ndawerengapo ambiri. Chaka choyamba malikisi ali pamwamba, chifukwa mwana wangochoka kumene ku sekondale, ali ndi changu ndi mantha omwe. Chaka chachiwiri atsika mwadzidzidzi, pena paoneka chizindikiro cha mayeso obwereza, amene ophunzira amawatcha sapu, pena chaka chonse chabwerezedwa. Chachitatu ndi chachinayi ayambanso kukwera, koma mochedwa, kotero kuti pamapeto pake mwanayo watuluka ndi pasi wamba, pamene sukulu zambiri zaukachenjede zimayamba zafunafuna kirediti kapena distinkishoni. Chimene pepalalo silinena ndi chakuti m'chaka chachiwiricho mwanayo ankagona ku Ndirande kapena ku Zingwangwa m'kachipinda ka anthu anayi, nayenda wapansi m'mawa uliwonse kupita ku Polytechnic, imene tsopano, chiyambire 2021, tikuitcha MUBAS. Kuti ngongole ya fizi inamudutsa. Kuti kwawo kunagwa maliro a amene ankamutumizira ufa. Ena, tinene zoona popeza tili pakati pa akuluakulu, panalibe maliro kapena njala, koma kuti ufulu wa m'tauni unawazunguza mutu, nazindikira mvula itatha kale.

Onse awiriwa ndiwauza chinthu chimodzi: musabise, ndipo musakometsere. Amene amasankha ophunzira ndi anthu amene akhala zaka zambiri akuwerenga mapepala otere, ndipo maso awo amathamangira pomwe pali dzenjepo asanaone china chilichonse. Mukapanda kunenapo kanthu m'kalata yanu yofunsira malo, iwo adzadziyankha okha, ndipo yankho limene munthu amadzipatsa yekha za mlendo silikhala lachifundo kawirikawiri. Nenani mwachidule, ziganizo ziwiri kapena zitatu: kuti m'chaka chakuti munali pa vuto lakuti, kuti malikisi anatsika, kuti m'zaka zotsatira anakwera monga pepala likuchitira umboni. Mukatero lekani, pitirirani ku zina. Kalata yodzaza ndi maliro kuyambira pamwamba mpaka pansi imatopetsa owerenga, ndipo imawapatsa chithunzi cha munthu amene akupempha chisoni m'malo mopempha malo. Za kusintha chiwerengero pa pepala la malikisi, kapena kugula pepala kwa akathyali a m'tauni, sinditayapo nthawi. Sukulu zimafunsa ku sukulu zinzake, ndipo amene akufuna kukhala mboni ya dziko sangalowe ntchitoyo ndi umboni wonama m'thumba.

Tsono chimene chingakuimireni ndi chiyani? Apa ndi pamene inu a ntchito yathu muli ndi mwayi umene ena alibe, pakuti mtolankhani amasiya mapazi ake poyera, m'nyuzipepala ndi pa wailesi, pomwe aliyense angathe kuwayeza. Tembenukani muone phiri ili la Nkhudzi limene latiyang'anira sabata yonseyi. Pamene bungwe la Southern Region Water Board linaganiza zomanga thanki ya madzi pamwamba pake kuti anthu a m'mbali mwa nyanja muno amwe madzi a m'mipope, panabuka mkangano waukulu, chifukwa phirili lili m'kati mwa Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Mbali ina kunali oteteza chilengedwe, oopa kuti dothi lokokoloka lidzatsikira m'nyanja momwe mumaswana mbuna, nsomba zimene asayansi amachokera kutali kudzaziona; mbali ina kunali amayi otunga madzi m'nyanja momwemo mosamba anthu, m'boma limene linalira kwambiri pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mnyamata kapena mtsikana amene anakwera phirilo ndi kope lake, nafunsa mfumu, nafunsa injiniya, nafunsa mayi wosenza ndowa, nawerenga lipoti lounika mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ngakhale linali lalitali ndi lotopetsa, kenaka nalemba nkhani imene mbali zonse ziwiri zinavomera kuti sanazinamizire, ameneyo ali ndi umboni woposa kirediti. Chimodzimodzi amene watsata nkhani ya kutha kwa chambo m'nyanja ya Malombe, kapena wakhala usiku pa doko ndi asodzi a usipa kuti amve chifukwa chimene ena amaponyerabe makoka m'nyengo yoletsedwa.

Choncho sungani ntchito zanu. Dulani nkhani zanu za m'nyuzipepala muziike mu failo, zolembedwa tsiku. Inu a pa wailesi, kaya ya Dzimwe, imene inayamba mu 1998 nitsegulira njira mawailesi a m'madera m'dziko muno, kaya ya Radio Maria kuno ku Mangochi, sungani mawu a mapulogalamu anu, musawasiye mu kompyuta ya ku ofesi mpaka itafa nawo. Pofunsira malo musatumize mtolo wonse. Sankhani zitatu kapena zinayi zimene munakhetsera thukuta.

Alipo amene adzakuuzani kuti sukulu n'njosafunika, natchula malemu Aleke Banda, amene anayamba kulemba Malawi News mu 1959 ali mnyamata wosakwana zaka 21, wopanda digiri, nadzayambitsanso The Nation mu 1993. N'zoona, ndipo tiwalemekeza. Koma iwo anayamba kulemba m'masiku amene Mmalawi wa digiri ankawerengeka ndi zala, University of Malawi isanatsegulidwe mu 1965. Inu mukulemba m'masiku a lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo lamulo lotere limapindulira yekhayo wodziwa pepala loti apemphe ndi kuliwerenga akalilandira.

Njira zilipo zingapo, ndipo sizifanana kutalika. Ngati khomo la mastazi lakana lero, dipuloma ya pamwamba pa digiri ndi mlatho wabwino, pakuti malikisi atsopano amaphimba akale; ku Rhodes University ku Makhanda ndi ku Wits ku Johannesburg kuli maphunziro a utolankhani a msinkhu umenewo, ndipo mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Thandizo la Chevening la boma la Britain limafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndi kuti akamaliza abwerere kwawo zaka zina ziwiri. Pamenepo mukuona nokha kuti zaka zimene mukuyesa zotayika pano pa nyanja n'zimene zikukutsegulirani njira. Kulinso thandizo la Beit Trust ndi la Canon Collins, ndipo kuno kwathu, ku Zomba ndi ku Blantyre, kulinso maphunziro apamwamba okhudza kufalitsa nkhani amene munthu angachite osasiya ntchito. Lemberani kalata mkulu wa maphunzirowo musanalipire ndalama yofunsira malo, mumuuze malikisi anu momwe alili, mumufunse ngati ntchito yanu ingawerengedwe. Safunsa anadya phula.

Kunena za okuchitirani umboni, musathamangire dzina lalikulu la munthu amene sakukudziwani nkhope. Pitani kwa mphunzitsi amene anaona kugwa kwanu ndi kudzuka kwanu komwe, ndi kwa mkonzi amene anakubwezeranipo nkhani kuti mukaikonzenso, muwapatse nthawi yokwanira, osati kuwagogodera kutatsala tsiku limodzi. Ndipo inu akonzi anzanga muli pano, mwana akabwera kudzapempha kalata yotere kapena tchuthi cha sukulu, musamuone ngati wothawa ntchito.

Wapampando, ndaona kuti amayi a kukhitchini ayamba kusuzumira pakhomo, ndipo sindifuna kukangana ndi nsima. Amene analemba funso lija osaika dzina andipeze panja tikatha kudya, abwere ndi pepala lawo la malikisi ngati ali nalo, tiliwerengere limodzi. Ndi mawu amenewa, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti msonkhano uno watsekedwa. Mulungu akuyendetseni bwino pobwerera kwanu.