Tu-114: Ndege ya Apaulendo Yobadwa kwa Ndege ya Nkhondo

Nkhani ya lero ndi ya ndege ya ku Soviet Union yotchedwa Tupolev Tu-114, imene pamene inayamba kuuluka inali yaikulu kuposa ndege zonse zonyamula anthu. Kholo lake linali ndege yoponya mabomba.

M'chaka cha 1955, mtsogoleri wa dzikolo, Nikita Khrushchev, anapita ku msonkhano wa atsogoleri ku Geneva pa kandege ka injini ziwiri, pamene Pulezidenti Eisenhower wa ku America anatera pa chindege cha injini zinayi. Khrushchev anachita manyazi. Chaka chomwecho boma linalamula katswiri wopanga ndege, Andrei Tupolev, kuti akonze ndege yotha kuwoloka nyanja yaikulu osatera panjira.

Popeza nthawi inali yochepa, Tupolev sanayambe zonse mwatsopano. Anatenga mapiko ndi injini za ndege ya nkhondo ya Tu-95, imene inauluka koyamba mu 1952, nazilumikiza ku thunthu latsopano, lalikulu, losunga mpweya kuti anthu azipuma bwino ngakhale ali m'mwamba kwambiri. Ndege yatsopanoyi inauluka koyamba pa 15 Novembala 1957.

Mphamvu yake inali mu injini zinayi za mtundu wa NK-12. Injini iliyonse inkazunguza mapulopela awiri, ndiye kuti zitsulo zokankha mphepo, ina kumanja, inzake kumanzere. Motero ndegeyi inkatha kuthamanga makilomita 870 pa ola, liwiro loyandikira la ndege za jeti, koma yosamwa mafuta ambiri ngati izo. Mapiko anawatsitsira kunsi kwa thunthu kuti apaulendo apeze malo, ndipo kuti mapulopela aatali aja asakhudze pansi, miyendo ya ndegeyi inatalika kwambiri. Pa mabwalo ena a ndege makwerero ankaperewera kufika pakhomo pake.

Mu Sepitembala 1959, Khrushchev anakwera ndegeyi kuchokera ku Moscow mpaka ku Washington osaima. Inali isanamalize kuyesedwa, ndipo alangizi ake anali ndi nkhawa. Zombo za dziko lake zinandanda pa nyanja ya Atlantic kuti zipulumutse anthu ikagwa, ndipo Tupolev anakwezamo mwana wake, Alexei, posonyeza kuti ankaikhulupirira ntchito yake. Onse anafika bwino.

Kampani ya Aeroflot inayamba kunyamula nayo anthu mu Epulo 1961, pakati pa Moscow ndi Khabarovsk, kum'mawa kwenikweni kwa dzikolo. Kawirikawiri munkakwera anthu 170. Munali zipinda zogona, malo odyera, ndi khitchini pansi pake, koma phokoso la mapulopela linali logonthetsa m'kutu.

Ulendo wovuta koposa unali wa ku Havana, likulu la dziko la Cuba. Poyamba ndegeyi inkamwa mafuta ku Conakry m'dziko la Guinea, koma chilolezo chitachotsedwa pa mkangano wa America ndi Cuba, panafunika njira ina. Kuyambira mu Januwale 1963 inkadzera ku Murmansk, kumpoto kozizira, nkuwoloka nyanja yonse osatera. Mipando inachepetsedwa kufika pa 60 yokha kuti mukhale malo a mafuta.

Ndege zimenezi zinapangidwa 32 zokha, ndipo ngozi yopha anthu inachitika kamodzi. Mu Febuluwale 1966, imodzi ikunyamuka ku Moscow pa ulendo wa ku Brazzaville, inawomba mulu wa chipale chofewa m'mbali mwa njira yake, ndipo anthu 21 anamwalira. Ndege ya jeti ya Ilyushin Il-62 itafika, Tu-114 inayamba kusiyidwa, ndipo Aeroflot inaipumitsa mu 1976, itanyamula anthu oposa 6 miliyoni. Zochepa zimene zatsala zili m'malo osungiramo zinthu zakale, monga ku Monino ndi ku Ulyanovsk.

Koma kholo lija silinapume. Asilikali a dziko la Russia akuulutsabe ndege za Tu-95, ndipo kuyambira mu 2022 akhala akuponya nazo mizinga pa dziko la Ukraine. Yonyamula apaulendo inagwira ntchito zaka 15. Yonyamula mabomba yakhala m'mlengalenga zaka zoposa 70.

Nkhani ya lero yathera pamenepa.