Ntchito Yoimira Kampani ku Unduna wa Zachitetezo



Mwandipempha kuti ndifotokoze za ntchito yanga. Dziko lathu silipanga ndege zankhondo kapena akasinja, koma msilikali wa ku Cobbe Barracks ku Zomba kapena ku Moyale ku Mzuzu amafuna yunifolomu, jombo, tenti ndi chakudya. Ine ndimaimira kampani yogulitsa zoterezi ku Unduna wa Zachitetezo ku Capital Hill.

Ntchitoyi njamapepala: kuwerenga zikalata za tenda, kutsata malamulo a PPDA, kufotokozera akuluakulu a asilikali za mitengo, ndiponso kulondola malipiro moleza mtima.

Mayesero ake ndi ziphuphu. Mukukumbukira Cashgate mu 2013, pamene makampani ena analandira ndalama za boma osapereka katundu. Chaka chomwecho asilikali athu anatumizidwa kunkhondo kummawa kwa DRC. Jombo ikang'ambika m'nkhalango za kumeneko, wovutika ndi mwana wa mnzathu.

Achinyamata ofuna ntchitoyi, limbikirani maphunziro a zamalamulo ndi owerengera ndalama. Ndipo musasaine risiti ya katundu amene simunamuone ndi maso anu.